MAU A MLANGIZI: Timagalasi Tolengeza Malonda ta Nthawi ya Kanema Wosalankhula

Sabata ino ndapatuka pang'ono pa nkhani zathu za masiku onse, chifukwa ndili ndi mlandu woti ndiulule pamaso panu. Ndinawononga chinthu cha mwini ndi manja angawa, ndipo sindifuna kuti wina mwa inu adzachite monga ndinachitira ine.

Mwezi wathawu ndinapita ku mudzi wina kukaona nkhokwe za anthu. Nditafika pakhomo pa mkulu wina wa imvi, ndinapeza adzukulu ake akusewera ndi timagalasi takuda, akutiika pamaso ndi kuyang'ana kumwamba. Ndinatenga kamodzi. Kanali kagalasi ka mbali zinayi zofanana, kokwana m'chikhatho, m'mphepete mwake momata pepala lakuda. Nditakaloza ku dzuwa ndinaona mayi wovala chipewa atanyamula mtanda wa sopo, ndi mau a Chingerezi pansi pake.

Ndinafunsa kuti, "Agogo, zimenezi munazitenga kuti?" Iwo anati, "Alangizi, ndi za malemu bambo anga. Anagwira ntchito yosesa m'nyumba ya bayisikopo ku Bulawayo. Pobwera kumudzi anadza nazo m'bokosi lachitsulo, ndipo zakhala momwemo kufikira ana awa atathyola loko." Tinawerenga timagalasi tisanu ndi tiwiri.

Kamodzi kanali kothimbirira kwambiri, ndipo pepala la m'mphepete mwake linali litamatuka. Ine, pofuna kuthandiza, ndinapempha madzi m'beseni ndi kansanza. Nditangoviika ndi kupukuta kawiri, chithunzi chonse chinasendeka ngati khungu la nyemba zoviika. M'manja mwanga munatsala galasi loyera, lopanda kanthu. Agogo aja anangoti, "Mwana wanga, pamenepo panali njinga ndi munthu wake." Sanandikalipire, koma ine ndinachita manyazi kwambiri. Akulu anati safunsa anadya phula. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuwerenga za timagalasi timeneti, ndipo zimene ndaphunzira ndi izi.

CHIYAMBI CHAKE

Kanema asanabadwe kunali nyali ya zithunzi, imene Angerezi amaitcha magic lantern. Munthu amene amatchulidwa kuti anaikonza ndi Christiaan Huygens wa ku Holland, cha m'ma 1659. Kapangidwe kake n'kosavuta kumva. Ndi bokosi lokhala ndi nyali m'kati. Kutsogolo kwa nyaliyo kuli diso lagalasi losonkhanitsa kuwala, kenaka mpata wolowetsamo kagalasi ka chithunzi, ndiponso diso lina loponya chithunzicho pa khoma kapena pa nsalu yoyera. Kagalasiko kamalowa chadodolido, mutu pansi, chifukwa diso lakutsogololo limatembenuza chithunzi. Poyamba zithunzi zinali zojambula ndi manja. Mu 1850 abale awiri a ku Philadelphia, William ndi Frederick Langenheim, analembetsa ku boma njira yao yoika zithunzi za kamera pa galasi, ndipo kuyambira pamenepo timagalasi tinayamba kuchuluka.

Nyali imeneyi inafika ndi kuno ku Africa. David Livingstone anali nayo pa ulendo wake. Mu January 1854, ali kwa mfumu Shinte ya Alunda kumtunda kwa mtsinje wa Zambezi, anaonetsa chithunzi cha Abrahamu atatukula mpeni pa mwana wake Isake. Posuntha kagalasiko, amayi amene anali pafupi anaona ngati mpeniwo ukudza kwa iwo, nathawa liwiro. Mfumu yokha inakhala chikhalire, ndipo pambuyo pake inayang'anitsitsa makinawo. Amishoni ambiri amene anadza m'mbuyo mwake anaphunzitsanso ndi nyali zotere.

KANEMA WOSALANKHULA

Pa 28 December 1895, abale a Lumière anaonetsa zithunzi zoyenda kwa anthu olipira mu mzinda wa Paris. Zithunzizo zinali kuyenda koma zosatulutsa mau. Anthu a pa chinsalu ankatsegula pakamwa osamveka, ndipo mau ofunika ankalembedwa kuti oonera aziwerenga okha. M'nyumbamo munkakhala munthu woimba piyano, wofulumiza nyimbo pamene akavalo athamanga ndi kuifewetsa pamene pali maliro. Zinakhala choncho zaka zoposa makumi atatu. Mu October 1927 ku America kunatuluka filimu yotchedwa The Jazz Singer, m'mene munamveka munthu akuimba ndi kulankhula, ndipo patapita zaka zowerengeka mafilimu osalankhula analekeka.

Mu 1905 mu mzinda wa Pittsburgh munatsegulidwa kanyumba ka kanema kotchedwa Nickelodeon. Polowa munthu ankalipira masenti asanu. Tinyumba totere tinafalikira msanga m'dziko lonse la America, m'masitolo akale ndi m'makwalala a anthu osauka. Tsono apa ndi pamene timagalasi tinapeza ntchito yatsopano. Mpukutu umodzi wa filimu unali wotalika mafiti 1,000, ndipo unkatha pa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Tinyumba tambiri tinali ndi makina amodzi okha. Mpukutu ukatha, mnyamata wa makina ankayenera kuuchotsa ndi kulowetsa wina. Pa nthawi imeneyo chinsalu sichikanakhala chopanda kanthu, chifukwa anthu okhala mu mdima opanda choona sachedwa kuyamba phokoso. Choncho ankayatsa nyali ya zithunzi ndi kuonetsa timagalasi mpaka filimu itakonzeka.

MITUNDU YA TIMAGALASI

Mtundu woyamba ndi wa malangizo. Masiku amenewo amayi ankavala zipewa zikuluzikulu za nthenga ndi maluwa, kotero kuti wokhala kumbuyo sankaona kanthu. Kagalasi kankawapempha mwaulemu kuti avule zipewazo. Ena ankaletsa kulavula pansi, kusuta fodya, kuimba mluzu, kapena kuwerenga mokweza mau a pa chinsalu. Kenanso kankapempha anthu kuti adikire pang'ono pamene filimu yaduka.

Mtundu wachiwiri ndi wa nyimbo. Woimba ankaima pambali pa chinsalu, ndipo timagalasi topitirira khumi tinkasinthana motsata mizere ya nyimboyo. Kotsiriza kankakhala ndi mau obwereza kuti nyumba yonse iimbire pamodzi. Osindikiza nyimbo ankakonda zimenezi, chifukwa anthu potuluka ankakagula mapepala a nyimboyo. Mwa opanga odziwika a mtundu uwu panali DeWitt C. Wheeler ndiponso Scott & Van Altena, onse a ku New York.

Mtundu wachitatu ndi wa malonda. Telala, wogulitsa mankhwala, banki, wogulitsa nsapato kapena malasha ankalipira mwini kanema kuti dzina lao lioneke pa chinsalu. Makampani akuluakulu ankapanga timagalasi tofanana tambirimbiri, nasiya mpata pansi pake kuti aikepo dzina la sitolo ya m'tauni iliyonse. Pa uthenga wadzidzidzi mnyamata wa makina ankadetsa galasi ndi mwaye wa nyali, nalembapo ndi nsonga ya singano; mauwo ankawala pa chinsalu chakuda.

Boma nalonso linaona mpata umenewu. Mu 1917 ndi 1918, pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, boma la America linasonkhanitsa anthu odzipereka pafupifupi 75,000 otchedwa Four Minute Men. Ntchito yao inali kulankhula kwa anthu m'nyumba za kanema kwa mphindi zinayi zokha, pamene mpukutu ukusinthidwa, za ngongole ya nkhondo ndi za kusamala chakudya. Kagalasi ndiko kankayamba kuoneka, kulengeza dzina la wolankhulayo. Ife alangizi, amene tikaimirira pa msonkhano sitidziwa kukhala pansi, tikhoza kutolapo phunziro.

Mtundu wachinayi, umene osonkhanitsa amaufuna koposa, ndi wolengeza filimu imene ikudza. Pa kagalasipo pankakhala dzina la filimu, nkhope ya katswiri wake, ndi mitundu yowala yokopa maso. Pansi pankatsala malo oyera, pamene mwini kanema ankalemba ndi inki tsiku loonetsa: Lachinayi, kapena Loweruka madzulo. Mpaka lero pali timagalasi tokhala ndi zolemba za manja zimenezo, za anthu amene anamwalira kalekale.

KAPANGIDWE KAKE

Apa ndi pamene ine ndinalakwa, choncho mvetsetsani. Kagalasi kamene mukaona ngati kamodzi, kawirikawiri ndi magalasi awiri ophatikizana. Loyamba ndilo lili ndi chithunzi. Chithunzicho sichili m'kati mwa galasi ai. Chili pamwamba pake, m'kachikopa kopyapyala ka jelatini, ndiye ulimbo wophikidwa kuchokera ku zikopa ndi mafupa a nyama, wosakaniza ndi siliva. Kamera inkatulutsa chithunzi chakuda ndi choyera chokha. Mitundu yofiira, yachikasu ndi yobiriwira inkapakidwa ndi manja, kagalasi kamodzikamodzi, ndi timaburashi tating'ono. Pamwamba pa chithunzi ankaika chipepala chakuda chobowola pakati, kenaka galasi lachiwiri loteteza, namata m'mphepete monse ndi pepala la ulimbo. M'zaka za m'ma 1920 opanga ambiri a ku America anayamba kuika galasi limodzi lokha m'chimango cha katoni, kuti mtengo utsike ndi kuti lipepuke potumiza.

Tsono jelatini akakumana ndi madzi amafufuma, nafewa, nasendeka. Kagalasi ka agogo aja kanali katataya galasi lake loteteza, ndipo ine ndinapukuta pa chithunzi penipeni. Madzi akatayika saoleka.

Kukula kwake kumakuuzani kumene kagalasi kanachokera. Ka ku America ndi mainchesi 3¼ m'litali ndi 4 m'mimba, ndiko kuti pafupifupi masentimita 8 ndi 10. Ka ku Britain ndi ka mbali zofanana, mainchesi 3¼ uku ndi uku. Timagalasi ta agogo aja n'ta muyeso wa ku Britain. N'ta zaka za pambuyo pa nkhondo yachiwiri, pakuti nyumba za kanema zinapitiriza kulengeza malonda ndi timagalasi ngakhale mafilimu atayamba kulankhula; koma kapangidwe kake n'komwe kaja ka kale. Pa ngodya imodzi mudzaona kadontho ka pepala. Kameneko kanali kothandiza mnyamata wa makina kudziwa pogwira ndi chala chachikulu mu mdima, kuti chithunzi chisatuluke chozondoka pa chinsalu.

CHIFUKWA CHAKE ANTHU AMATISONKHANITSA

Wina adzafunsa kuti, kodi munthu wamkulu ndi ndevu zake angataye ndalama pa kagalasi kolengeza filimu imene inaonetsedwa zaka zana zapitazo? Yankho lili pa tsoka limene linagwera mafilimuwo.

Filimu ya masiku amenewo inkapangidwa ndi mankhwala otchedwa nitrate. Mankhwalawa amayaka koposa udzu wa m'chilimwe, ndipo akayaka sazima ndi madzi. Akakhalitsa pamalo otentha amaola okha, nayamba kumata, nasanduka fumbi lofiirira. Mu July 1937 nyumba yosungiramo mafilimu a kampani ya Fox ku Little Ferry, m'chigawo cha New Jersey, inapsa pa nyengo yotentha, ndipo mafilimu ambiri osalankhula a kampaniyo anathera pomwepo. Mu 1965 moto wina unagwira nkhokwe ya mafilimu ya kampani ya MGM ku California. Koma moto si wokha unawononga. Mafilimu olankhula atafika, eni makampani anaona akalewo ngati zinyalala zodya malo. Ambiri anatayidwa, ena anasungunulidwa kuti achotsemo siliva. Filimu ya nitrate inalekeka kupangidwa cha m'ma 1951.

Mu 2013 nyumba ya mabuku ya boma la America, Library of Congress, inatulutsa kafukufuku wa David Pierce. Iye anawerenga mafilimu aatali osalankhula 10,919 amene anapangidwa m'dzikolo kuyambira 1912 mpaka 1929. Anapeza kuti mwa mafilimu 100 aliwonse, 14 okha ndiwo atsala athunthu monga anapangidwira, ndipo 70 anatayika kotheratu. Otsalawo alipo operewera, kapena ongokopedwa mosaoneka bwino, kapena opezeka kumaiko ena. Taganizani mlimi amene anakolola matumba khumi, napeza kuti asanu ndi awiri adyedwa ndi anankafumbwe.

Ndipereke zitsanzo ziwiri. Theda Bara anali katswiri wotchuka kwambiri, ndipo filimu yake ya Cleopatra ya mu 1917 inakopa anthu miyandamiyanda. Lero patsala tizidutswa tochepa chabe. Filimu ya London After Midnight ya mu 1927, m'mene munali Lon Chaney, inapsa pa moto wa 1965 uja, ndipo palibe amene angaionerenso. Nthawi zina mwayi umachitika. Mu 1978 ku Dawson City, kumpoto kozizira kwa Canada, anthu okumba maziko anafukula mipukutu 533 ya mafilimu imene inakwiriridwa m'dziwe lakale losambiramo, ndipo chisanu cha m'nthaka chinaisunga. Koma mwayi wotere sudza kawiri kawiri.

Tsono onani chodabwitsa. Filimu, imene inali chinthu chenicheni cha mtengo wapatali, inaola. Kagalasi, kamene kanapangidwa kuti kagwire ntchito sabata imodzi ndi kutayidwa, katsala, chifukwa galasi silipsa msanga ndipo siliola. Pa mafilimu ambiri otayika, chimene chatsala ndi zithunzi zowerengeka, nkhani za m'nyuzipepala, ndi kagalasi kolengeza. Kameneko ndi mboni yakuti filimu yakutiyakuti inalipo, anasewera ndi uje, ndipo inaoneka chotere. Timagalasi ta malonda natonso timasimba mbiri: dzina la sitolo imene inatsekedwa kale, mtengo wa nsapato chaka chimenecho, zovala zimene anthu ankavala. Ndicho chifukwa chake nyumba zosungira zakale, monga George Eastman Museum ku Rochester ndi Bill Douglas Cinema Museum ku Exeter, zimasunga zinthu za nyali ya zithunzi, ndipo ku Britain kuli bungwe la okonda nyalizi lotchedwa Magic Lantern Society.

ZIMENE WOSONKHANITSA AMAYANG'ANA

Wosonkhanitsa wanzeru sagula chilichonse. Amasankha njira imodzi. Wina amafuna timagalasi ta katswiri mmodzi, monga Charlie Chaplin, Mary Pickford, Buster Keaton kapena Rudolph Valentino. Wina amafuna ta mafilimu otayika okha. Wina amafuna ta malonda a m'tauni ya kwao. Akapeza kagalasi amayang'ana zinthu izi.

Choyamba, ngati kali ndi mng'alu, ndipo mng'aluwo uli pa galasi liti. Timagalasi tambiri tinasweka ndi kutentha kwa nyali, pamene mnyamata wa makina anakasiya nthawi yaitali. Mng'alu wa pa galasi loteteza si vuto lalikulu, chifukwa wodziwa ntchito akhoza kuika lina. Mng'alu wa pa galasi la chithunzi ndi chilema cha muyaya.

Chachiwiri, ngati mitundu ikadali yowala, ndi ngati chithunzi sichinayambe kusendeka kapena kugwira nkhungu.

Chachitatu, dzina la opanga. Kawirikawiri limalembedwa pa chipepala chakuda chija kapena pa katoni, monga Excelsior Illustrating Company ya ku New York kapena Kansas City Slide Company. Dzina ndi keyala zimathandiza kudziwa zaka za kagalasiko.

Chachinayi, zolemba za manja. Munthu wosadziwa amafuna kufufuta tsiku lolembedwa ndi inki lija kuti kagalasi kaoneke katsopano. Wodziwa amalisiya, chifukwa ndilo umboni wakuti kanagwiradi ntchito m'nyumba ya kanema.

Pano ndichenjeze. Pali anthu amene amayenda m'midzi kunena kuti simbi yakale, ndalama yakale kapena poto wakale ndi chuma chogulira galimoto. Ambiri ataya mbuzi zao polipira anthu olonjeza kuwapezera ogula. Musamve nkhani ino ndi kuyamba kulota chuma. Timagalasi tinapangidwa tambirimbiri, ndipo tambiri timagulidwa pa mtengo wochepa. Todula ndi towerengeka, ta akatswiri otchuka kapena ta mafilimu osowa, ndipo msika wake uli ku America ndi ku Ulaya. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu akakuuzani kuti muyambe mwalipira kuti akugulitsireni kagalasi kanu, mutsekereni chitseko. Phindu lenileni la kagalasi ka m'bokosi la agogo anu ndi mbiri imene kanyamula.

KASUNGIDWE KAKE

Mukapeza timagalasi totere m'bokosi la makolo, m'kabati ya sukulu yakale kapena m'chipinda cha tchalitchi, chitani izi.

1. Musatsuke ndi madzi, sopo, palafini kapena malovu. Ngati magalasi onse awiri alipo ndipo pepala la m'mphepete lili bwino, pukutani kunja kokha ndi kansalu kouma kofewa. Ngati galasi ndi limodzi, mbali yosawala ndiyo ya chithunzi. Imeneyo musaikhudze konse.

2. Gwirani m'mphepete, ndi manja osamba ndi ouma. Thukuta la chala limasiya chidindo chosachoka.

3. Musamatule pepala lakuda kuti muone m'kati, ndipo musamate ndi selotepi. Ulimbo wa selotepi umasanduka wachikasu ndi kuwononga.

4. Kagalasi kalikonse kakhale m'pepala lake loyera, losalembapo. Musakulunge m'nyuzipepala, ngakhale ino, chifukwa pepala lake limafiira ndi kudetsa zimene lakhudza. Pulasitiki nayonso imasunga chinyontho.

5. Imikani timagalasi chilili, monga mbale pa thandala, osati kusanjikiza. Mukasanjikiza, kulemera kwa ta pamwamba kumaswa ta pansi. Tsekani mpata wotsala m'bokosi ndi katoni kuti tisagwedezeke.

6. Bokosi likhale pouma, pozizira, patali ndi moto wa kukhitchini, ndipo lisagunde pansi kapena khoma. Adani ake ndi omwe aja a mbewu: chinyontho, kutentha ndi tizilombo. Nkhungu imadya jelatini, mphemvu zimadya ulimbo, chiswe chimadya katoni. Nyengo ya dzinja tsegulani bokosi kamodzi pa mwezi ndi kuyang'ana.

7. Musayanike pa dzuwa, ndipo musasiye pa windo ngati chokongoletsa. Dzuwa limafwifwitsa mitundu. Ana asayang'anire dzuwa pa timagalasi timeneti, chifukwa sititeteza maso.

8. Kagalasi kosweka musakataye. Kagonekeni pakati pa makatoni awiri olimba, zidutswa zonse m'malo mwake, mumange ndi ulusi, ndi kulemba pamwamba kuti ndi kosweka.

9. Jambulani chilichonse ndi foni. Ikani pepala loyera pa windo, gwirani kagalasi patsogolo pake, ndi kujambula. Mukatero, ofuna kuona adzaona pa foni, ndipo galasi lidzapuma m'bokosi.

10. Lembani m'kope zimene akulu akudziwa: anabwera nato ndani, kuchokera kuti, chaka chanji, ankagwira ntchito yanji. Ichi ndi chofunika koposa zonse. Kagalasi kopanda mbiri kali ngati mbewu yopanda dzina.

Ngati simungathe kusunga, musataye kudzala. Funsani ku nyumba yosungira zakale ya ku Chichiri mu Blantyre, kapena ku National Archives ku Zomba. Kumeneko kuli anthu amene ntchito yao ndi yomweyi.

KWATHU KUNO

Wina anganene kuti izi ndi nkhani za Azungu. Zoona, malonda a timagalasi anakulira ku America ndi ku Britain, ndipo osonkhanitsa ambiri ali komweko. Koma zithunzi za pa chinsalu zinafika kwa makolo athu kale. Kuyambira 1935 mpaka 1937, gulu lotsogozedwa ndi L. A. Notcutt ndi G. C. Latham linapanga mafilimu 35 ophunzitsa, ena a za ulimi ndi za umoyo, ndi kuwaonetsa pa lole m'maiko a Tanganyika, Kenya, Uganda, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Kuyambira 1948 mpaka 1963 bungwe la Central African Film Unit linapanga mafilimu oonetsa m'midzi ya Nyasaland ndi Rhodesia, ndipo ambiri oyamba anali osalankhula, womasulira ataima pambali kufotokoza m'chinenero cha anthu. Amuna athu zikwizikwi amene anapita ku migodi ndi ku matauni a kumwera anaonera bayisikopo kumeneko, ndipo ena anagwiramo ntchito. Zimene anabwera nazo m'mabokosi ao ndi mbiri yathu, ndipo palibe wina adzatisungire.

Sabata yatha ndinabwerera kwa agogo aja. Ndinatenga mapepala oyera, katoni ndi kope. Tinakhala pa mphasa, ine ndi mdzukulu wao wamkulu wa Sitandade 7, ndi kukulunga timagalasi tisanu ndi kamodzi totsalato. Mtsikanayo ndiye analemba zimene agogo ake anasimba: m'mene bambo ao anayendera pansi kukakwera sitima, zaka zimene anakhala osabwera, ndi m'mene ankafotokozera kwa ana usiku za nyumba ya mdima m'mene anthu amayenda pa khoma. Zinadzaza masamba anayi. Galasi loyera lija agogo anakana kulitaya. Analikulunga pamodzi ndi anzake, nauza mdzukulu wao kuti alembe pa pepala lake kuti, "Apa panali njinga, anafufuta ndi alangizi." Ndinavomera, chifukwa ndi zoona.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukapeza chinthu chakale chimene simukuchidziwa, musathamangire madzi ndi sopo monga ndinachitira ine. Yambani mwafunsa. Ndipo ngati m'mudzi mwanu muli timagalasi totere, kapena nyali yake, lemberani kalata kwa Mkonzi, mutiuze zimene zili pamenepo ndi amene anabwera nazo. Makalata abwino tidzawasindikiza pa tsamba lino.

Sabata ya mawa tidzabwerera ku nkhokwe. Tsalani bwino nonse.

Ine wanu,
MLANGIZI